Mafunso ndi mayankho: malamulo ndi khalidwe la pabwalo kwa mamembala a kalabu ya gofu mu Lusaka

Ambiri amene akuyamba gofu amathera nthawi yawo pa driving range kuphunzira kumenya mpira, koma za malamulo ndi khalidwe la pabwalo sapeza wowauza. Komatu pakalabu palibe amene amanyansidwa ndi munthu womenya moipa. Amene anthu amam'thawa ndi wochedwetsa anzake, wosiya bwalo litawonongeka, ndi wolemba zabodza pakhadi lolembapo mashoti. Mayankho awa akugwira ntchito kulikonse kumene mwalembetsa, kaya ku Lusaka Golf Club, Chainama Hills, Chilanga kapena Bonanza.

Kodi malamulowa amalemba ndani?

Malamulo a masewero enieniwo amalembedwa ndi mabungwe awiri: R&A ya ku St Andrews ku Scotland, ndi USGA ya ku America, yomwe imayendetsanso US Open, mpikisano umene Madalitso Muthiya anasewerako mu 2006. Muno m'dziko gofu amayang'aniridwa ndi Zambia Golf Union. Mu 2019 malamulo anasinthidwa kwambiri, choncho ngati amene akukuphunzitsani anasiya kuwerenga kalekale, samalani: zina zimene akuuzeni ndi zakale.

Pamwamba pa amenewa, kalabu iliyonse ili ndi malamulo a bwalo lake, olembedwa kuseri kwa khadi ndi pa bolodi la zidziwitso. Awerengeni musanapite pa tee yoyamba (tee ndi malo omenyerapo shoti yoyamba ya dzenje lililonse), chifukwa ena amasintha ndi nyengo. Za kavalidwe, alendo ndi ndalama za umembala zili m'malamulo oyendetsera kalabu, ndipo zimasiyana malo ndi malo.

Ndivale chiyani?

Malaya a kolala opisira, thalauza kapena kabudula wosokedwa bwino, ndi nsapato za gofu za timano tofewa. Jinzi, vesiti, jezi ya mpira wamiyendo ndi mapatapata, makalabu ambiri salola pabwalo. Mukalowa mu clubhouse vulani chipewa.

Ndikachedwa pang'ono pa nthawi yanga yoyambira, pali vuto?

Pa mpikisano, lilipo. Mukafika pa tee mochedwa koma mphindi 5 zisanathe, mumalipira mashoti 2 pa dzenje loyamba. Zikadutsa mphindi 5, mwachotsedwa mumpikisano. Kuchuluka kwa magalimoto pa Great East Road si chifukwa chimene komiti ingamve. Fikani pakalabu mphindi 30 nthawi isanakwane, mulembetse, mupeze caddie (wokunyamulirani ndodo), ndipo mukhale pa tee kutatsala mphindi 10.

Muwerengerenso ndodo zanu pomwepo. Malire ndi 14. Ikapezeka ya 15, chilango ndi mashoti 2 pa dzenje lililonse limene mwasewera nayo m'chikwama, mpaka mashoti 4. Zimachitika kawirikawiri munthu akabwereka ndodo ya wedge kwa mnzake pa range n'kuiwala kubweza.

Akuti ndimachedwetsa anthu. Chonsecho sindithamanga chifukwa ndikuphunzira. Nditani?

Ili ndilo dandaulo lalikulu pakalabu iliyonse, ndipo gwero lake nthawi zambiri si kuchuluka kwa mashoti ayi. Munthu womenya mashoti 110 atha kumaliza maenje 18 m'maola 4 ngati akudziwa kuyenda. Nthawi imatayika pa tinthu ting'onoting'ono: kuyamba kusankha ndodo nthawi yanu itakwana kale, kuyeserera kanayi kasanu, kusiya chikwama kutsogolo kwa green (malo a udzu waufupi pomwe pali dzenje) kotero kuti mukamaliza mumabwerera m'mbuyo anthu akudikira, ndi kulemba pakhadi mutaima pa green.

Malamulo amalimbikitsa kuti shoti isatenge masekondi opitirira 40 nthawi yanu ikafika, ndipo kawirikawiri ndi ochuluka kale amenewo. Pamene mnzanu akumenya, inu mukhale mutaona mtunda, mutasankha ndodo, magolovu ali kumanja. Kuyeserera kamodzi n'kokwanira. Chikwama chikhale mbali imene kuli tee yotsatira, ndipo khadi mulembere kumeneko.

Mu stroke play, momwe amawerengera mashoti onse pamodzi, amene wakonzeka amenye, ngakhale kuti si iye ali kutali ndi dzenje, bola asaike wina pangozi. Malamulo amalola zimenezi. Mu match play, momwe mumapikisana dzenje ndi dzenje, n'zosiyana: mukamenya isanafike nthawi yanu, mdani wanu ali ndi ufulu wokuuzani kuti mubwereze shotiyo.

Malo anu pabwalo ndi kumbuyo kwa gulu lili patsogolo panu, osati kutsogolo kwa gulu lili kumbuyo. Mukaona kuti patsogolo pali dzenje lathunthu lopanda munthu pomwe akumbuyo akungokuyang'anani, akodoleni adutse, inu muime pambali. Ndipo mukasewera Stableford, momwe amawerengera mapointi pa dzenje lililonse, mashoti akachuluka moti simungapezenso pointi pa dzenjelo, tolani mpira.

Mpira ukasowa ndimafufuza nthawi yaitali bwanji?

Mphindi 3, kuyambira pamene inu kapena caddie wanu mwayamba kufufuza. Kale zinali 5. Zikatha, mpirawo watayika ngakhale muuone patangopita masekondi ochepa. Mumawonjezera shoti imodzi n'kubwerera pomwe munamenyera. Ngati unali wochokera pa tee, ndiye kuti tsopano mukumenya yachitatu.

Ulendo wobwererawo ndi umene umaimitsa bwalo lonse, makamaka m'dzinja udzu wa m'mbali ukakula. Njira yake ndi provisional, mpira wachiwiri wosewera ngati woyamba sapezeka. Mukakayika kuti mpira walowa m'tchire kapena watuluka m'malire, menyani wina pomwepo, koma munene mokweza kuti ndi provisional. Mukangonena kuti "ndimenyenso wina", mpira wachiwiriwo ndi umene uli m'masewero, ndipo woyamba ngakhale upezeke pabwino, simungauseweretsenso. Ikani chizindikiro chanu pa mpira ndi cholembera, chifukwa kumenya mpira wa wina ndi mashoti 2.

Timitengo toyera, tofiira ndi tachikasu timatanthauza chiyani?

Toyera ndi malire a bwalo. Mpira ukadutsa, ndi shoti imodzi n'kubwerera pomwe munamenyera, ndipo timitengoto simuloledwa kutizula ngakhale tikutchingeni.

Tofiira ndi tachikasu timazungulira madamu, mitsinje ndi ngalande. Mutha kumenyera momwemo popanda chilango ngati mpira ukumenyeka. Apo ayi, mumalipira shoti imodzi n'kusankha: kubwerera pomwe munamenyera, kapena kubwerera m'mbuyo pa mzere wochokera pa dzenje kudutsa pomwe mpira unalowera. Pa tofiira pokha pali mwayi wachitatu, wogwetsa mpira m'kati mwa utali wa ndodo ziwiri kuchokera pomwe unalowera, osayandikira dzenje. Pogwetsa, mpira uchokere pa msinkhu wa bondo, osati paphewa monga kale. Utali wa ndodo amayezera ndodo yaitali kwambiri m'chikwama chanu kupatula putter, ndodo yogubuduzira mpira pa green.

N'chifukwa chiyani anthu amakwiya kwambiri ndi za green?

Chifukwa udzu wa pa green ndi wodulidwa waufupi kwambiri ndipo suchedwa kufa. Mu Lusaka kuyambira Meyi mpaka Okutobala mvula kulibe, ndipo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi udzu sukula msanga. Bala limene mwasiya nthawi imeneyi limakhalapo milungu.

Mpira ukagwa kuchokera m'mwamba umasiya kadzenje. Pokonza, ambiri amalakwitsa: amabaya kafoloko pansi pa kadzenjeko n'kutukula dothi. Kutero kumadula mizu, ndipo patapita masiku pamatsala chigamba chofiira. Njira yake ndi kubaya m'mbali mwa kadzenjeko, mozungulira, n'kumakankhira udzu chapakati, kenako kusalaza ndi kunsi kwa putter. Konzani kanu ndi kena kamodzi kamene wina wasiya.

Musaponde pa mzere wapakati pa mpira wa mnzanu ndi dzenje, mthunzi wanu usagwere pamenepo, ndipo musakokere mapazi. Musatulutse mpira m'dzenje ndi mutu wa putter, chifukwa dzenjelo ndi la mamilimita 108 okha ndipo milomo yake ikagumuka, onse obwera pambuyo avutika. Ngolo ya chikwama isakwere pa green kapena pa tee. Mbendera mutha kuisiya m'dzenje pomenya putt, shoti yogubuduza mpira. Kuyambira 2019 palibe chilango mpira ukaigunda.

Mu bunker (malo a mchenga) lowerani mbali yotsika, reki ili kumanja. Ndodo isakhudze mchenga kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni kwa mpira musanamenye, ngakhale poyeserera. Chilango ndi mashoti 2. Mukamaliza salazani mukubwerera chafutambuyo. Pa fairway (udzu wodulidwa wapakati pa tee ndi green), pomwe ndodo yazula udzu bwezeretsani chibumacho n'kuponda, kapena thiranipo mchenga ngati kalabu imapereka timatumba ta mchenga. Caddie atha kuchita zonsezi, koma zikapanda kuchitika, wofunsidwa ndinu.

Nanga caddie ndimakhala naye bwanji?

Caddie wodziwa ntchito amalidziwa bwalo kuposa mamembala ambiri, ndipo ena mwa iwo amasewera bwino kukuposani. M'funseni dzina pa tee yoyamba ndipo muzimuitana ndi dzinalo. Ngati ndi wamkulu, "a" asasowe kutsogolo. Kum'kalipira chifukwa putt yaphonya n'kusowa khalidwe, popeza wamenya ndinu. Mtengo wake funsani kwa caddie master, woyang'anira ma caddie, musanayambe, ndipo ndalamazo mum'patse masewero akangotha, osati "mawa". Ndi mwambo kum'gulira chakudya ndi chakumwa mukamaliza maenje 9 oyamba.

Pa malamulo, caddie akalakwa chilango chimagwera inu. Saloledwa kuima kumbuyo kwanu pa mzere wa shoti mukayamba kuima kuti mumenye. Ndipo nenani poyambirira kuti mpira usakhudzidwe ndi phazi. Pali ena amene, pofuna kukusangalatsani, amaukankhira pabwino ukagwa kuseri kwa mtengo. Caddie akausuntha, mumalipira shoti imodzi n'kuubwezera pomwe unali.

Malangizo mumalandira kwa caddie wanu kapena mnzanu wa timu imodzi basi. Kufunsa wopikisana naye kuti "mwamenya ndi nambala chani?" musanamenye ndi mashoti 2. Kufunsa mtunda n'kololedwa.

Mpira ukagwa pafupi ndi njoka kapena njuchi?

Musadzionetse kulimba mtima. Malamulo amalola kuchoka pamalo pomwe pali nyama yoopsa popanda chilango: pezani malo apafupi kwambiri pomwe palibe ngozi, osayandikira dzenje, n'kugwetsa mpira m'kati mwa utali wa ndodo imodzi. N'chimodzimodzi ndi madzi a mvula odikha pa fairway, una wa mfuko, ndi malo ozunguliridwa ndi mzere woyera omwe akukonzedwa. Za zulu za chiswe onani kuseri kwa khadi, chifukwa ndi komiti ya kalabu imene imagamula ngati mungachokepo mwaulere.

Mvula ikayamba timaleka?

Mvula yokha siimitsa gofu, koma mphezi. Kuyambira Novembala mpaka Marichi mitambo imasonkhana masana mofulumira. Sairini ikalira kamodzi motalika, siyani pomwepo, ngakhale patsale putt yaifupi. Kumenyabe ndi kuchotsedwa mumpikisano. Zikani kamtengo koikapo mpira (nako amati tee) pomwe pali mpira, pitani m'nyumba kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo. Kulira kuwiri kwakufupi ndiko kuti yambiraninso. Ngakhale sairini isanalire, mukaona kuti mphezi yayandikira muli ndi ufulu woima, n'kudziwitsa komiti mwamsanga.

Ngozi ina ndi mpira weniweniwo. Musamenye anthu apatsogolo kapena ogwira ntchito pabwalo asanatalikire. Mpira ukalunjika kwa anthu, fuulani "Fore!" ndi mphamvu zonse. Mukamva mawuwo, musacheuke kufuna kuona. Weramani, phimbani mutu.

Ndikalakwitsa pakhadi?

Khadi lanu amalemba ndi mnzanu, inu mumalemba lake. Mukamaliza, onani dzenje lililonse musanasaine. Mukasainira nambala yotsika kuposa imene munamenya, mwachotsedwa. Ikakhala yokwera, imakhala momwemo. Kuphatikiza ndi ntchito ya komiti.

Handicap, nambala yoonetsa luso la wosewera, imawerengedwa potengera World Handicap System imene inayamba mu 2020. Kuti muipeze koyamba mumapereka makhadi a maenje 54, ndipo makhadi akakwana 20 amatenga 8 abwino kwambiri mwa 20 omaliza. Malire ake ndi 54.0. Pali anthu amene amabisa makhadi abwino kuti handicap ikhale yokwera, akawine mphoto pa mpikisano wa kampani. Amadziwika msanga, ndipo komiti ya handicap ili ndi mphamvu yoitsitsa.

Alendo ndi foni?

Mlendo wanu mulembetseni, alipire green fee (ndalama yosewerera pabwalo) asanayambe, ndipo kavalidwe ndi khalidwe lake zili pamutu panu. Foni ikhale yosalira. Ikakhala nkhani yofulumira, patukani kutali ndi womenya. Wina akamakonzekera shoti, imani chete pambali pomwe sakukuonani. Ngati mukubetcherana, gwirizanani ndalama zake pa tee yoyamba ndipo woluza alipire tsiku lomwelo. Pomaliza pa dzenje la 18 vulani chipewa, gwiranani chanza, kuphatikizapo ma caddie.

Tikasemphana pa lamulo tili pakati pa bwalo, woweruza palibe?

Musaimitse bwalo ndi mkangano. Mu stroke play malamulo amalola kumaliza dzenjelo ndi mipira iwiri. Musanamenye, uzani wolemba khadi lanu kuti musewera iwiri, ndipo munene umene mukufuna kuti uwerengedwe ngati malamulo alola. Wina museweretse monga mmene ulili, winayo monga mukuganizira kuti lamulo likunenera. Musanapereke khadi, fotokozerani komiti, ngakhale mipira yonse iwiri yatha ndi nambala yofanana. Mukapanda kunena, mwachotsedwa. Mu match play njira imeneyi kulibe: mumagwirizana ndi mdani wanu pomwepo, kapena mumamuuza, wina aliyense wa inu asanamenye pa tee yotsatira, kuti nkhaniyo mukaitula kukomiti.