Msewu wa Masauko Chipembere, wolumikiza Blantyre ndi Limbe

Kale Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana. Blantyre inayamba mu 1876 ndi amishoni a mpingo wa ku Scotland, pomwe Limbe inadzakula pambuyo pake chifukwa cha njanji, yomwe inafika kuno mu 1908, komanso malonda a fodya. Matauniwa anawaphatikiza mu 1956, ndipo njira imene anthu ankadzera popita uku ndi uku ndiyo inasanduka msewu waukulu wa mzinda wonse.

Mukanyamuka pa Clock Tower, mumafika pa Ginnery Corner, pamene kale panali makina opunthira thonje. Chapafupi pomwepo pali chipatala cha Queen Elizabeth, chotsegulidwa mu 1958, ndipo m'mawa uliwonse mumaona amayi atasenza madengu a chakudya cha odwala akudikira mpata wodumpha msewu. Kutsogolo kuli sukulu ya ukachenjede ya Poly, yomwe tsopano ndi MUBAS, kenako Chichiri: sitediyamu, chipilala cha ufulu, khoti lalikulu ndi bwalo la zionetsero zamalonda. Mukapitirira pa Yiannakis ndi Maselema, mwalowa mu Limbe. Boma la Japan linathandiza ndi ndalama pokulitsa msewuwu, komabe pa nthawi yoweruka magalimoto amangokwawa.

Pa ulamuliro wa chipani chimodzi msewuwu unkatchedwa Kamuzu Highway. Dzina la lero linabwera ndale za zipani zambiri zitayamba mu 1994, ndipo kwa ine linagwera munthu woyenera. Henry Masauko Chipembere, mwana wa ku Malindi wobadwa mu 1930, analowa mu nyumba ya malamulo ya atsamunda mu 1956 pamodzi ndi Kanyama Chiume. Chipembere anali mmodzi mwa anyamata amene anakakamiza Dr. Kamuzu Banda kuti abwerere kwawo, ndipo Banda anafikadi pa Chileka pa 6 July 1958. Mu 1959 Chipembere ndi Banda anatsekeredwa ku Gwelo (lero Gweru, ku Zimbabwe). Koma ufulu utangobwera, mu September 1964, nduna zinasemphana ndi Kamuzu. Chipembere anasiya unduna wa zamaphunziro n'kuima ndi anzake ochotsedwa. Mu February 1965 anatsogolera gulu la anthu kuchokera ku Fort Johnston (lero Mangochi) kulunjika ku Zomba, koma pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina, ulendo n'kuthera pomwepo. Anathawa m'dziko, n'kukamwalirira ku Los Angeles mu 1975 ali ndi zaka 45 zokha.

Kwa zaka pafupifupi 30, kungotchula dzina lake pagulu kunkaika munthu m'madzi. Chimandipweteka n'chakuti ngakhale lero achinyamata ambiri okwera minibasi za pamsewuwu sadziwa kuti mwini dzinali anali ndani. Sitediyamu ya pa Chichiri nayo inasinthidwa dzina nthawi ya Bakili Muluzi, koma mu 2004 Bingu wa Mutharika anaibwezera dzina la Kamuzu, msewu wokha n'kukhalabe wa Chipembere.