Buluzi wa lilime labuluu safuna mchenga wokhawokha

Ndatopa kumva zoti buluziyu, poti ena amachokera ku Australia, m'khola mwake muzithiridwa mchenga wouma. Ayi ndithu. Mitundu yambiri yowetedwa imachokera ku Indonesia ndi New Guinea, komwe kuli chinyezi. Ikakhala pouma imavutika kufundula, khungu lakale n'kumakanirira kuzala. Mchenga akaumeza ndi chakudya ungatseke matumbo. Utuchi wa paini ndi cedar nawonso ayi, fungo lake limamuvuta popuma.

Amakonda kukumba, choncho muikireni dothi lopanda feteleza losakaniza ndi makoko a kokonati, lokuya masentimita 10 kapena kuposa.

Musanauze anzanu za mchengazo, dziwani kaye mtundu wa buluzi wanu, ikani kachipangizo koyezera chinyezi m'kholamo, ndipo funsani dokotala wa ziweto.