Mkangano wa Mencius ndi Xunzi pa Chibadwa cha Munthu

Confucius, mphunzitsi wanzeru wa ku China yemwe anamwalira m'chaka cha 479 BC, sanalankhule zambiri pa nkhani yoti munthu amabadwa wabwino kapena woipa. Zimene ophunzira ake anasunga n'zakuti anthu pobadwa sasiyana kwenikweni, koma zizolowezi ndi zimene zimadzawatalikitsa. Funsoli linakula m'zaka zotsatira, pamene maufumu a ku China ankathirana nkhondo mosalekeza mpaka mu 221 BC, chifukwa mfumu iliyonse inkafuna kudziwa ngati anthu ake angawongoledwe ndi chitsanzo chabwino kapena ndi chilango.

Mencius, wotsatira chiphunzitso cha Confucius wa ku dziko laling'ono la Zou, yemwe anabadwa cha m'ma 372 BC, ankaphunzitsa kuti munthu amabadwa ndi mphukira za ubwino, zomwe ndi chifundo, manyazi pa choipa, ulemu, ndi kuzindikira cholungama. Ankati aliyense woona mwana atatsala pang'ono kugwera m'chitsime amadzidzimuka mumtima, osati pofuna kukondweretsa makolo a mwanayo kapena kutamandidwa ndi anansi. Gaozi, woganiza wina wa m'nthawi yake, atamutsutsa kuti chibadwa chili ngati madzi, omwe amalowera kum'mawa kapena kumadzulo malinga ndi kumene wawatsegulira, Mencius anayankha kuti madziwo nthawi zonse amatsikira kumunsi. Komabe iye sankanena kuti anthu onse ndi abwino. Ankadziwa kuti m'zaka za njala anyamata ambiri amachita nkhanza, ndipo mlanduwo ankaupereka kwa mafumu amene ankalanda anthu chakudya ndi nthawi yolima, mpaka mphukirazo kufota.

Xunzi, wotsatira wina wa Confucius wa ku ufumu wa Zhao, anali wam'badwo wotsatira, ndipo palibe umboni woti awiriwa anakumanapo. Iye anali mphunzitsi wolemekezeka pa sukulu ya Jixia mu ufumu wa Qi, kenako anakhala woyang'anira dera la Lanling mu ufumu wa Chu. Anatsutsa Mencius mom'tchula dzina, ponena kuti munthu amabadwa wokonda phindu, wansanje ndi wazilakolako, kotero kuti akangotsata chibadwa chakecho mapeto ake ndi kulandana ndi chipwirikiti, pakuti zofuna za anthu n'zambiri pamene katundu ndi wochepa. Kwa iye ubwino ndi chinthu chochita kupanga, monga mmisiri amawongolera thabwa lokhota, ndipo zida zake ndi mphunzitsi, maphunziro ndi miyambo imene anzeru akale anakhazikitsa.

Amene amam'tenga Xunzi ngati munthu wotaya mtima pa anthu sam'werenga bwino, chifukwa ndi yemweyo ananena kuti munthu wamba wa mumsewu angathe kudzakhala ngati Yu, mfumu yanzeru yamakedzana. Onse awiri ankavomereza kuti munthu amasinthika ndiponso kuti popanda kuphunzira palibe amene amakhwima. Anasiyana pa gwero la ubwinowo, ngati umachokera m'kati n'kungofunika kuusamalira, kapena umabwera kuchokera kunja ndi khama.

Chimene chinagamula mlanduwu mokomera Mencius, mmene ndikuonera, si mphamvu ya mfundo zawo ayi. Han Fei ndi Li Si anaphunzira kwa Xunzi, ndipo onse anatembenukira ku ulamuliro wa malamulo okhwima. Li Si anadzakhala nduna yaikulu ya Qin, ufumu umene unagonjetsa maufumu ena onse, ndipo ndiye analimbikitsa zowotcha mabuku mu 213 BC, zimene patapita nthawi zinadetsa dzina la mphunzitsi wake, ngakhale kuti m'nthawi ya ufumu wa Han, umene unatsatira wa Qin, maphunziro a Xunzi anali adakali ndi mphamvu. Ena anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, monga Yang Xiong amene ankati chibadwa n'chosakanikirana, ndi Han Yu amene anachigawa m'magulu atatu.

Zhu Xi, katswiri wa chiphunzitso cha Confucius yemwe anamwalira mu 1200 AD, anaika buku la Mencius pakati pa mabuku anayi oyambira maphunziro, ndipo kuchokera mu 1313 mabukuwa anakhala maziko a mayeso olowera ntchito zaboma mpaka mayesowo atathetsedwa mu 1905. Wofuna udindo analibenso chifukwa chowerengera Xunzi. Mu 1530 dzina la Xunzi linachotsedwa m'kachisi wa Confucius, ndipo anadzayambanso kuwerengedwa mwachidwi ndi akatswiri a m'nthawi ya ufumu wa Qing, makamaka Wang Xianqian, amene anasonkhanitsa ndemanga za zolemba zake mu 1891.