Makina akufuna dzina la tauni

Lamlungu lapitali titatuluka m'tchalitchi ku Rosettenville, nkhani inali ya alamu anga amene amasoka zovala ku Fordsburg. Anapita kubanki kukatumiza fizi ya mwana ku akaunti ya sukulu ya kumudzi, ndipo kalaliki anawabwezera fomu kawiri. Pa adiresi ya wolandira iwo analemba monga timalembera tonse: dzina la sukulu, bokosi la positi, T/A, boma. Kalalikiyo anati makina akufuna tauni pa malo ake, dziko pa malo ake. Alamuwo anandidandaulira kuti: "Alamu, sukuluyo ili pakati pa minda ya chimanga, tauniyo ndikaitenga kuti?" Ena anati mabanki a kuno ku Joni angozolowera kuzunza ife obwera. Mnyamata wina wogwira za makompyuta ku Sandton anakana, nati kalalikiyo alibe mlandu, chasintha ndi kalata imene mabanki amalemberana.

Mnyamatayo ananena zoona, ngakhale ananena mothamanga. Ndalama siziwoloka malire ngati katundu wa pa basi ya ku Park Station. Chimawoloka ndi uthenga wouza banki ya uko kuti ilipire uje ndalama zakuti, ndipo mabankiwo amawerengerana ngongole paokha. Uthengawu umadutsa pa SWIFT, bungwe lonyamula mauthenga a mabanki, limene likulu lake lili ku La Hulpe m'dziko la Belgium. Pa 22 Novembala 2025 bungweli linatseka nyengo imene kalembedwe kakale ndi katsopano ka ISO 20022 kankayendera limodzi pa malipiro opita kunja.

Nanga zinayamba bwanji kuti makompyuta a mabanki ndi mabungwe ena a zachuma oposa 11,000, ogulidwa kosiyana, opangidwa zaka zosiyana, azimvana?

Kale inali teleksi, makina otaipira uthenga n'kuutumiza pa waya. Kalaliki ankataipa uthenga m'mawu ake, banki iliyonse ndi chizolowezi chake. Pofuna kutsimikiza kuti uthengawo si wa mbava, ankawerengera pamanja nambala yachinsinsi kuchokera pa kuchuluka kwa ndalama, tsiku ndi mtundu wa ndalamazo, potsata matebulo amene mabanki awiri okhawo anagawana. Wolandira ankawerengeranso. Nambala ikasiyana, zonse zinkaima. Zaka zomwezo agogo athu a ku Wenela ankadziwa njira ina: gawo la malipiro awo linkasungidwa, n'kukalilandira atafika kumudzi.

Mbiri imene SWIFT imadzisimbira yokha ndi yaukhondo kwambiri: mu 1973 mabanki 239 a m'mayiko 15 anakumana kuti athetse vuto la onse. Ofufuza awiri, Susan Scott ndi Markos Zachariadis, amene anafukula makalata akale n'kucheza ndi anthu amene analipo, amaonetsa mbali ina, ndipo ine ndimaikhulupirira kwambiri chifukwa imafanana ndi mmene amalonda amakhalira. First National City Bank ya ku New York, imene lero ndi Citibank, inapanga kalembedwe kakekake kotchedwa MARTI, koti makina aziwerenga teleksi popanda munthu. Kenako inauza mabanki onse ochita nayo malonda kuti azilemba choncho basi. Ukakhala banki ya ku Ulaya yofuna madola, New York sungaizembe. Koma kuvomera MARTI kunali kupereka kiyi wa nyumba yako kwa wopikisana naye. Mawa banki ina yaikulu ikabwera ndi kalembedwe kake, mkuja inanso, kalaliki mmodzi aphunzire ziyankhulo zingati? Ntchito yomanga SWIFT inali itayambika kale, zimenezo ofufuzawo sakana, koma mabanki ambiri ankayenda chokokakoka. MARTI ndiye inawathamangitsa. Anaona kuti bola kalata imodzi yopanda mwini mmodzi kusiyana ndi kalata ya mnzako wamphamvu. Uthenga woyamba unadutsa mu 1977, mabanki 518 a m'mayiko 22 atalumikizidwa.

Kalata imene yatitumikira zaka zambiri ndi MT103. Ndinaionapo itasindikizidwa, ndipo ilibe moni. Mzere wa 32A ndi tsiku, mtundu wa ndalama ndi kuchuluka kwake, zogundizana popanda mpata. Wa 50 ndi wotumiza, wa 59 wolandira. Dzina ndi adiresi zinkapatsidwa mizere inayi, uliwonse zilembo 35. Chilembo chathu cha ŵ sichinkaloledwa n'komwe. Koma mkati mwa mizere inayiyo munkalemba zimene mukufuna, ngakhale "kuseri kwa chigayo", makina sankafunsa. Ufulu umenewu ndi umene alamu anga akulira.

Mabanki ali ndi yankho lake, ndipo si lopepuka. Dzina lalitali linkadulidwa panjira. Makina osefa mayina a anthu oletsedwa ankasokonezeka posadziwa kuti liwu ili ndi dzina la munthu, la msewu kapena la dziko, ndiye ndalama za munthu wosalakwa zinkagwidwa masiku angapo podikira kuti wina aziyang'ane ndi maso. ISO 20022, imene inasindikizidwa koyamba mu 2004, imaika chinthu chilichonse m'kabokosi kake kolembedwa dzina. M'malo mwa MT103 muli pacs.008, ndipo dzina lokha likhoza kufika zilembo 140.

Za kuchigawo kwathu kuno sizichedwetsa. Pa 22 Julaye 2013 mayiko anayi, South Africa, Namibia, Lesotho ndi Swaziland, anayamba kulipirana mu randi kudzera pa njira imene lero imatchedwa SADC-RTGS, yoyendetsedwa ndi South African Reserve Bank. Malawi inalowa mu 2014. PayShap, njira yolipirana pompopompo ya kuno ku South Africa imene ena timalipirira lendi, yoyamba mu 2023, inamangidwa pa ISO 20022 yomweyi. Ambirife timatumiza kudzera m'makampani otumiza ndalama n'kukagwera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiye fomu ya kubanki sitiiona kawirikawiri.

Chimene chimandikhala pamtima n'choti timabokosi timeneti tinalingaliridwa ndi anthu okhala m'misewu ya mayina ndi nyumba za manambala. Muli ka msewu, ka nambala ya nyumba, ka chipinda, ngakhale ka nsanja. Ka mfumu mulibe. Madandaulo ochokera kumayiko osiyanasiyana anamveka pang'ono, chifukwa analola njira yapakati: tauni ndi dziko zikhale m'timabokosi take, zotsalazo zilowe m'mizere iwiri ya zilembo 70. SWIFT inalengeza kuti kuyambira Novembala 2026 adiresi yongolembedwa mwachisawawa sidzalandiridwanso, ndipo mabanki ayamba kale kukonzekera. Kalaliki uja ankachita zimene anauzidwa.

Alamu anabwerera kubanki Lachiwiri. Pa tauni analemba Ntcheu, ngakhale kuchoka pa boma kukafika pasukulupo ndi ulendo wa kabaza wopweteka msana. Dzina la T/A analiika pa mzere wachiwiri. Lachinayi ahedi anaimba foni kuti fizi yafika.