Mafunso ndi mayankho: kugona pa makampu a umembala mukamayenda pa RV ku America

Chiyambireni tchuthi cha nyengo yotentha, foni ya pa ofesi yathu yobwereketsa ma RV (magalimoto okhala ngati nyumba, ogonamo paulendo) sikupuma. Ambiri amaimba ali pageti la kampu, khadi la umembala lili m'manja, ana akulira kumbuyo, atawauza kuti malo adzaza. Tinene msanga kuti ife timabwereketsa galimoto basi, umembala sitigulitsa. Koma poti madandaulo akufikira ife, tiyankhako.

Kodi umembala wa kampu n'chiyani?

Mumalipira pachaka, kenako mumagona pa makampu a gulu limene mwalowamo mosalipira usiku uliwonse kapena pamtengo wotsika.

Makadi onsewa si amodzi kodi?

Ayi, ndipo chisokonezo chimayambira pamenepa. Thousand Trails ili ndi makampu akeake. Passport America ilibe ulamuliro pa makampu: khadi lake limakudulirani theka la mtengo pa makampu a eni ake amene adalowa nawo mgwirizano, ndipo kampu iliyonse imaika malire ake, ina imakana Loweruka, ina imalola usiku wowerengeka chabe. Good Sam ndi KOA Rewards zimachotsera 10 peresenti basi.

Ndalipira chaka chonse ku Thousand Trails. Bwanji andibweza pageti?

Funso ili ndiye latitopetsa, ndipo tiyankha mosamala chifukwa mgwirizano wanu sitinauone, komanso umembala ulipo wa magawo angapo. Tikunena za wotsika mtengo, wotchedwa Camping Pass.

Choyamba, dzikolo adaligawa m'zigawo zisanu: Northwest, Southwest, Midwest, Northeast ndi Southeast. Ngati mudagula chigawo chimodzi, khadi lanu silikulowetsani kampu ya chigawo china pokhapokha mutawonjezera ndalama.

Chachiwiri ndi lamulo la 14 ndi 7. Mungagone usiku 14 motsatizana pa kampu imodzi, koma mukapitirira usiku 4, muyenera kutha usiku 7 kunja kwa makampu awo onse musanalowenso. Mwachitsanzo, mwalowa pa 1 July n'kutuluka pa 15 July, simungalowe kwina kulikonse kwa iwo mpaka pa 22. Mukagona usiku 4 kapena kuchepera, mungachoke m'mawa n'kukalowa kampu ina madzulo ake. Ambiri amene amatiimbira amakhala atagona usiku 5 kapena 6, n'kumaganiza kuti sabata yodikirayo ndi ya anthu okhalitsa okha.

Chachitatu, khadi si malo. Muyenera kubukitsa, ndipo ndi Camping Pass mumabukitsa kutatsala masiku 60 kapena kuchepera, pamene ena olipira zambiri amaloledwa kuyamba kale. Ndiye pa masiku a tchuthi cha dziko lonse, monga Memorial Day, 4 July ndi Labor Day, makampu a kugombe la Oregon ndi Washington amadzaza msanga. Florida nayo imatero m'nyengo yozizira. Malamulowa eni ake angawasinthe, choncho werengani pepala limene mudasainira, osati mawu athu okha.

Kodi umembala umapulumutsadi ndalama?

Eya, kwa woyenda miyezi ingapo m'chigawo chimodzi amene amakonza ulendo wake ndi kalendala. Wobwereka RV kwa sabata imodzi aganize kawiri.

Wantchito wanu adandiuza kuti ndi khadili ndidzagona paliponse. Mundibwezera ndalama?

Tivomere kuti mawu otere adatulukapo pa kauntala yathu, ndipo sadali oona. Antchito athu tawalangiza kuti asamalankhulenso za makadi amene sitigulitsa. Koma ndalama ya umembala sinalowe m'thumba mwathu, ndiye sitingaibweze. Ya masiku amene mudabwereka galimoto sitibwezanso, poti galimotoyo idali nanu. Ngati muli ndi uthenga wolembedwa wosonyeza kuti tidakulonjezani, bwerani nawo, tidzaona nkhani yanu payokha. Mufunsenso komwe mudagulako ngati umembalawo umadzipitirira wokha chaka chikatha, ndi nthawi yoyenera kuuletsa.

Nanga Harvest Hosts?

Amenewa si makampu. Ndi mafamu, minda ya mphesa ndi malo ofululira mowa amene amalola membala kuima usiku umodzi. RV ikhale ndi chimbudzi ndi madzi ake, musayembekezere soketi ya magetsi, ndipo mwambo wake ndi woti mugulepo kanthu kwa mwini malo. Matanki a madzi akuda musakhuthulire pamenepo.