Masipuling'i Owonjezera Sasandutsa Pikapu Kukhala Lole

Sipatha sabata pagalaja panga pano osabwera munthu ndi mawu omwewomwewo: "Amakaniko, tandiwonjezerani masipuling'i awiri kumbuyoku, galimotoyi ikumakhala pansi ndikapakira." Ena amabwera atanyamuliratu zitsulozo, zadzimbiri, zochotsa ku lole ina yomwe inafera pamsewu kalekale. Ndikawafunsa kuti kodi mukumapakira matumba angati, amayamba aseka kaye, kenako n'kunena chapansipansi kuti 35, tsiku la msika ku Jali mwina 40.

Tiwerengere limodzi. Thumba la chimanga ndi makilogalamu 50. Hilux, Hardbody kapena Isuzu KB ya single cab inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, ndipo m'tani imeneyo mulinso inu dalaivala, mnzanu wapambali ndi wothandizira amene wakhala pamwamba pa katunduyo. Kunena kwina, matumba 20 mwafika kale pamalire. Matumba 35 ndi makilogalamu 1,750. Galimoto ikakhala pansi ndi katundu wotere sikuti yawonongeka ayi, ikukuuzani kuti tsitsaniko. Mukawonjezera masipuling'i mwangoitseka pakamwa. Mabuleki ndi omwe aja, difu (chimphika cha magiya chapakati pa matayala akumbuyo) ndi yomwe ija, maberingi ndi omwe aja, matayala ndi omwe aja, chasisi ndi yomwe ija. Nambala ya GVM, malire a kulemera kwa galimoto pamodzi ndi katundu wake, imene yalembedwa pa kachitsulo ka galimotoyo sisintha chifukwa choti wowotcherera wa ku Chinamwali wagwirapo ntchito.

Gulu lachiwiri ndi la anyamata ofuna kuti galimoto izioneka yayitali. Chifukwa chawo chimamveka: msewu wa ku Kachulu nthawi ya dzinja si masewera, ndipo wa ku Chingale aliyense akuudziwa. Koma chimene chimakhula pansi m'matope ndi difu, ndipo difu simungaikweze ndi mabuloko (zitsulo zoika pansi pa masipuling'i kuti bodi ikwere) kapena masipuling'i. Imakwera ndi kukula kwa tayala basi. Mwakweza bodi, difu yatsala pomwe inali, ndipo chimene mwapindula n'chakuti kulemera konse kwa galimoto kwapita m'mwamba. Senzani ndowa yamadzi pamutu muyese kukhota mukuthamanga, mumva zimene galimotoyo imamva pa makona a msewu wa Ku Chawe.

Pali kachipangizo kamodzi kamene ambiri okweza magalimoto sakadziwa n'komwe, ndipo ndi kamene kamandisowetsa tulo. Ma pikapu ambiri akale, opanda ABS (makina oletsa matayala kumanga mukaponda buleki mwamphamvu), ali ndi kavalavu kumbuyo, komangidwa ku chasisi pamwamba pa difu, kolumikizidwa ku ekiselo (mtanda wachitsulo wolumikiza matayala akumbuyo) ndi kandodo kachitsulo kotalikirapo. Dzina lake ndi load sensing proportioning valve. Ntchito yake ndi kuyeza kuti bodi yatsika bwanji. Mukapakira, bodi imayandikira ekiselo, kandodo kamakankha valavu, ndipo mabuleki akumbuyo amalandira mphamvu yambiri. Galimoto ikakhala yopanda kanthu, valavu imachepetsa mphamvuyo kuti matayala akumbuyo asamange n'kuyamba kutsetsereka. Ndiye taganizani: mwaika masipuling'i olimba kapena mabuloko, bodi yatalikirana ndi ekiselo. Mwapakira matumba 35 koma valavu ikuona ngati kumbuyo kulibe kanthu. Ntchito yambiri yoimitsa galimotoyo yagwera mabuleki akutsogolo. Pamalo athyathyathya, kuchoka ku Matawale kupita m'tauni ya Zomba, simudzamva kusiyana kulikonse, n'chifukwa chake anthu amanditsutsa. Pamtsetse wautali ndiye nkhani ina. Mapadi amatentha, mafuta a buleki amawira, phazi limangolowa mpaka pansi.

Ndinali ndi kasitomala wina, bambo wachikulire wogulitsa matabwa, munthu waulemu kwambiri. Anabwera kudzasinthitsa oyilo, osati china chilichonse. Nditalowa pansi ndinapeza masipuling'i owonjezera atatu mbali iliyonse, otalika mosiyana, ndipo limodzi linali lowotchereredwa pakati pomwe linathyokapo. Ma U-bolt, mabawuti opindika omangira masipuling'i ku ekiselo, anali akale omwe aja, ulusi wake utangogwira pang'ono pa nati chifukwa mulu wa zitsulo unali utanenepa. Paipi yarabala ya buleki inali itakokeka ngati chingwe choyanikira zovala. Kandodo ka valavu kaja kanali katamasulidwa, wina n'kukamangirira ku chasisi ndi waya.

Ndinawaitana kuti agwade adzionere okha.

"Bambo, galimotoyi isakwerenso phiri mpaka tikonze izi."

"Amakaniko, ndamva ndithu. Koma ndili ndi oda ya matabwa. Ndingopanga maulendo awiri okha, ndalama ikapezeka ndibwera Lolemba."

Sindinalimbikire. Ndinawalembera mtengo pakapepala, ndinawathirira oyilo wawo, n'kuwatsanzika. Lolemba silinafike. Potsika phiri ndi matabwa osauma, amene amalemera kuposa momwe amaonekera, mabuleki anatha pa kona ina. Iwo anayesa kugunditsa galimoto ku khoma la phiri kuti iime, zomwe zinali nzeru, koma galimoto yayitali yosenza katundu wodutsa denga siyedzamira khoma, imagubuduka. Bambowo anatuluka ndi mabala ochepa. Mnyamata wothandizira amene anakhala pamwamba pa matabwa anathyoka msana. Anali wa msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti bwanji sindinangolumikiza kandodo kaja ulere, kapena kukana kupereka makiyi. Ntchito ya valavu ija sikanakwana ngakhale ola limodzi.

Za owotcherera ndinenepo, ngakhale ena ndi anzanga omwe timamwera limodzi tiyi. Sipuling'i si chitsulo wamba ngati chopangira geti kapena mabaglabazi. Chimaphikidwa mwapadera ku fakitale kuti chizipindika n'kubwerera. Mukachiyandikiza moto wowotcherera, kapena kuchiika pa makala kuti muchipinde ndi hamala chikwere, mphamvu ija yatha. Chimafewa kapena chimauma gwa, ndipo chidzathyokera pambali penipeni pa pomwe mwawotchererapo. Sipuling'i yaikulu, yapamwamba pa mulu wa zitsulozo, si yongonyamula katundu, ndi imene imagwira ekiselo kuti ikhale pamalo ake. Ikathyoka muli pa liwiro pakati pa Thondwe ndi Namadzi, ekiselo imasuntha mbali imodzi ndipo galimoto imakhota yokha, chiwongolero chili m'manja mwanu. Munthu amene akukuuzani kuti "tingoigwira ndi moto pang'ono, ikhala ngati yatsopano" sadzakhalamo m'galimotomo tsiku limenelo.

Mabuloko nawo ali ndi zawo. Ndaonapo odula chitsulo cha njanji, osanjikiza mabuloko awiri mbali imodzi, ngakhale thabwa lolimba ndinalipezapo. Buloko likatalika, ekiselo imapotoza sipuling'i nthawi iliyonse mukanyamuka kapena kuponda buleki, ndipo ma U-bolt amamasuka pang'onopang'ono. U-bolt ikamangidwa kamodzi imakokeka, sibwerezedwa. Ikani yatsopano, ya utali woyenera, imangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, osati paipi yoikidwa ku sipanala, ndipo mubwererenso idzaonedwe mukayenda masiku angapo.

Kutsogolo anthu amapotokola torsion bar, ndodo yachitsulo yogwira ntchito ya sipuling'i, pa Hilux zakale ndi ma Hardbody, kapena kuika ma spacer, zitsulo zokwezera, pamwamba pa ma shock a Hilux zimene zinayamba kutuluka mu 2005. N'zotchipa, ndipo galimoto imakweradi. Koma tayala limasowa mpata wotsikira likalowa m'dzenje, ma ball joint, mfundo zimene tayala limakhoterapo, amagwira ntchito atapendekeka kufika pamalire, ndipo pa 4x4 marabala a CV joint, mfundo zopititsa mphamvu ku matayala akutsogolo, amang'ambika msangamsanga. Ball joint ikazuka tayala limagona pansi pomwepo. Mukamva kugogoda kutsogolo podutsa pa hampu, musadikire malipiro a mwezi wamawa. Ndipo alayimenti mukakweza galimoto si nkhani yokambirana. Magetsi akutsogolonso ayenera kuwongoledwa, apo ayi mukhala mukuthobwa m'maso aliyense amene mukukumana naye pa M3 usiku, kuphatikizapo a kabaza.

Matayala akuluakulu ndingodutsapo: amatalikitsa mtunda woimira, ndipo spidomita imaonetsa liwiro lochepa kusiyana ndi lenileni. Mukuona 80 koma mwadutsa kale pamenepo.

Sindikuti galimoto singakwezedwe konse. Zilipo zipangizo zopangidwira mtundu weniweni wa galimoto yanu, zobwera pamodzi ndi ma shock ake, mapaipi a buleki otalikirapo ndi kachitsulo kosunthira valavu ija. N'zodula, ndipo ngakhale zimenezo sizikupatsani chilolezo cha matumba 35. Musadzinamizenso ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Pepala lija likunena za galimoto monga inalili tsiku limene inayesedwa, yopanda katundu, osati itasenza njerwa pamtsetse.

Ngati yanu inakwezedwa kale, lowani pansi lero ndi tochi. Onani ngati kandodo ka valavu kali kolumikizidwa ku ekiselo. Kwezani galimoto ndi jeki pa chasisi mpaka tayala lakumbuyo lilendewere, muone ngati paipi ya buleki ikadali ndi mpata kapena yakungika. Onani ngati pali fumbi lofiira la dzimbiri mozungulira ma U-bolt, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti zitsulo zikukhulana. Mukapeza chimodzi mwa izi, pitani nayo kwa makaniko ili yopanda katundu, kudzera njira yopanda mtsetse.

Bambo a matabwa aja anagula pikapu ina. Mwezi wathawu anaima pagalaja pano kudzapopetsa tayala, tinapatsana moni bwinobwino, ndipo ine ndinagwada kusuzumira kumbuyo ndisanawafunse n'komwe za kunyumba. Masipuling'i anali asanakhudzidwe. Ndinawafunsa za mnyamata uja, anati ali kwawo ku Mayaka, mayi ake ndi amene akumusamalira.