Preamp yodula siikonza chipinda chanu, abale anga

Mwezi uno wokha anthu anayi andifunsa funso limodzimodzi, atatu pa foni, wina anachita kubwera ku situdiyo ndi laputopu yake kukhwapa: "Achimwene, nyimbo zanga sizikumveka ngati za pa wailesi, ndigule preamp iti?" Funsoli landitopetsa zedi, osati kuti kufunsa nkolakwika ayi, koma anthuwa amabwera atamva kale pa YouTube kuti vuto ndi preamp, kachipangizo kokweza mphamvu ya mawu ochokera mu maiki, kwa ine amangofuna ndivomereze basi kuti akataye ndalama zawo ndi mtima m'malo.

Ndiye ndiyankhe pano. Ngati mukujambulira kuchipinda chogona, pansi simenti, makoma opanda kanthu, pamwamba malata opanda siling'i, preamp yodula siisintha chilichonse chomwe khutu lanu lingagwire. Mawu akachoka mu maiki amakhala kamphamvu kochepetsetsa, ma millivolt owerengeka, ntchito ya preamp nkukweza kamphamvuko kuti kafike poti kompyuta ijambule bwino. Basi. Siisankha kuti awa ndi mawu a woimba awa ndi tambala wa aneba, imakweza zonse zomwe yapatsidwa, mawu anu, mawu obwerera kuchokera ku khoma, chigayo cha kuseri, fani ya laputopu, zonse pamodzi. Yodulayo imangokweza zomwezo mokhulupirika.

Komanso preamp muli nayo kale. Ka bokosi kamene ambiri mumakatchula sound card, kaya ndi Focusrite Scarlett, kaya Audient, ngakhale Behringer UMC, mkati mwake muli preamp, ndipo za masiku ano phokoso lake ndi lochepa kuposa phokoso la chipinda chanucho. Simukhulupirira? Yatsani maiki, ikani gain, kopotokola kokwezera mphamvu ya maiki kaja, pomwe mumaimbira, mukhale chete masekondi 20 mukujambula, kenako mvetserani ndi mahedifoni. Zomwe mumve ndi msewu, filiji, galu, ana. Preamp yanu simuimva nkomwe pansi pa zonsezo.

Mu 2012 magazini ya ku Britain ya Sound On Sound inachita zoti aliyense wogula zida amayenera kuzidziwa. Anatenga piyano ya Yamaha Disklavier, yomwe imadziimba yokha ndiye imabwereza nyimbo chimodzimodzi nthawi zonse, anaijambula kudzera m'ma preamp osiyanasiyana, otchipa ndi odula kwambiri, kenako anaika mafayilo opanda mayina kuti owerenga amvetsere asankhe. Anthu anavutika kusiyanitsa, ndipo ena anakonda otchipa osadziwa. Amenewo ndi anthu okhala ndi masipika abwino, osati ife omvetsera pa ka bluetooth.

Sindikunena kuti preamp yodula ngati Neve 1073 ndi bodza. Inapangidwa mu 1970 ndipo mpaka lero masitudiyo akuluakulu amaifuna, chifukwa ma transformer ake ukawakankha amapatsa mawu kakunenepa kena kokoma. Ndinaigwiritsapo ntchito ndipo ndimaikonda. Koma chimenecho ndi mchere, ndipo ndiwo zopserera olo muthire mchere wochokera kuti zimanunkhabe kupserera. Mtengo wake ndi madola opitirira 1,000 pomwe sound card ya Scarlett 2i2 ili cha m'ma 200, kusiyana kwa mawu kwake sikufika pamenepo ngakhale pang'ono m'chipinda chosakonzedwa.

Chomwe chikukuonongerani nyimbo nthawi zambiri ndi mtunda wa pakati pa pakamwa ndi maiki. Mtundawo ukawirikiza kawiri mawu anu amatsika ndi 6 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), koma phokoso la chipinda limakhala pomwepo. Munthu woimba ali masentimita 60 kuchoka pa maiki wataya 12 dB poyerekeza ndi amene ali pa 15, ndiye amakweza gain kuti amveke, chipinda chonse nkulowa, nyimbo nkumamveka ngati wajambulira m'bafa. Yandikirani, chikhatho chimodzi chotambasula, pop filter, kasefa kotchinga mpweya wa pakamwa, pakati. Ikani matilesi kumbuyo kwa woimba chifukwa maiki yayang'ana kumeneko, pachikani mabulangete olemera, tsegulani wadirobu yodzaza zovala, musaime pakona komanso musaime pakati penipeni pa chipinda. Chipinda cha mamita atatu chimalira chokha cha pa 57 Hz, komwe ndi mawu a bass, ndi pamwamba pake mowirikiza, nchifukwa chake bass imamveka yambiri mbali ina mbali ina nkusowa. Ndipo chonde, mathireyi a mazira chotsani, sagwira kanthu, amangosunga mphemvu komanso ndi ngozi ya moto.

Za gain sindikhalitsapo. Jambulani pa 24-bit, mawu okwera kwambiri azifika cha pa -12 dB, kagetsi kofiira kochenjeza kuti mawu akung'ambika musakaone. Mawu akang'ambika polowa palibe plugin, kapulogalamu kokonzera mawu pa kompyuta, ingawasoke. Kukamveka kulira kwa huuu pansi pa nyimbo, nthawi zambiri ndi magetsi athu a 50 Hz alowerera, zulani chaja ya laputopu mumve ngati kwasiya, onani ngati soketi ili ndi earth, sinthani kebulo ya maiki ya XLR, ndipo ngati muli pa inveta yotchipa kapena jenereta ikaikireni imeneyo poyamba. Preamp yatsopano pa soketi yomweyo iliranso chimodzimodzi.

Pali pomwe preamp imathandizadi, ndinene chilungamo. Maiki ngati Shure SM7B imafuna gain yambiri, cha m'ma 60 dB kwa munthu wolankhula motsitsa, pomwe Scarlett ya 2019 imalekera pa 56 dB, ndiye umapotokola mpaka kumapeto nkuyamba kumva kasiiii. Apo vuto lilipodi. Koma ngakhale apo mankhwala ake si bokosi la madola 1,000, kachipangizo ngati Cloudlifter kamawonjezera mpaka 25 dB pogwiritsa ntchito magetsi a 48V ochokera pa sound card yanu yomweyo, ndipo Scarlett 2i2 ya 2023 imafika 69 dB payokha. Ngati maiki yanu ndi condenser ngati AT2020 kapena Rode NT1, nkhani imeneyi si yanu, gain muli nayo yotsala.

Tsopano nkhani yomwe imandisowetsa tulo. Kunali mnyamata wina waluso ndithu, amabwera kudzaphunzira kusakaniza nyimbo, anali ndi sound card yabwinobwino ndi condenser imodzi. Agogo ake aamuna kumudzi ankaimba bangwe, nyimbo zawozawo zopeka okha, zina za nthawi yomwe anali ku migodi, zina zotchula mayina a makolo a pamudzipo. Anandimvetsera ka voice note ka pa WhatsApp, thupi langa linachita tsemwe. Ndinamuuza kuti mphwanga, Loweruka likubwerali nyamula laputopu, maiki ndi mabulangete awiri ukawajambule, ngati kulibe magetsi batire ya laputopu ikwana. Iye anati ayi achimwene, agogo sindingawajambule ndi zida zachibwana, ndikufuna ndipeze kaye preamp ya tube, yokhala ndi kagalasi konga babu mkati, kuti mawu awo amveke mwaulemu. Ndinamuuza kawiri katatu, kenako ndinasiya, ndipo kusiyako nkomwe kumandipweteka mpaka lero chifukwa ndikanatha kukwera naye minibasi ndekha.

Anasunga ndalama kupitirira chaka, zina anakongola ku banki m'khonde kudzera mwa mayi ake, anatumiza kwa munthu wina wa ku Joni amene amadzitcha injiniya pa Facebook. Bokosi litafika anabwera nalo akumwetulira. Titalitsegula mkati munali ka tube kamodzi, kuseri kwake kuli ka LED kofiirira kuti kazioneka ngati kakuyaka, phokoso lake loposa la sound card yake yakale. Komanso wogulitsayo anamuuza kuti alowetse pa XLR ya maiki, kutanthauza kuti preamp ikulowa mu preamp inzake, mawu onse ong'ambika. Pomwe timakonza zimenezi nkuti agogo aja atadwala sitiroko miyezi iwiri m'mbuyomo, dzanja lamanja linafa, kulankhula kwake kovutikira. Bangwe ili pakhoma. Chomwe banja lonse latsala nacho ndi ka voice note kaja, kosakwana mphindi ziwiri, kumapeto kwake kukumveka mbuzi.

Nchifukwa chake ndimakwiya ndi anthu ogulitsa zida modzitcha akatswiri. Muwazindikire: sakufunsani za chipinda chanu, sapempha kumva zomwe mwajambula, amangoti "tengani iyi boss ndi ya warm", ndipo salola kuti muyese musanalipire. Ma maiki abodza a Shure SM58 ali mbwee, a Neumann U87 abodzanso alipo, munthu akakuuzani kuti ali ndi Neumann pa mtengo wa foni thawani. Enanso ndi aja amatenga nyimbo yanu nkuikweza voliyumu pang'ono kenako nkumati mwamva kusiyana kwa preamp yanga? Khutu la munthu limakonda chilichonse chokwera, ngakhale ndi 1 dB yokha, ndiye poyerekeza zinthu ziwiri muyambe mwazifananitsa kukwera kwake, wina azikusinthirani inu musakuona, muone ngati mungalozebe yodulayo kasanu motsatizana.

Amene mukufuna kunditumizira funso lomweli, tumizani kaye zinthu ziwiri: mawu anu osaika reverb (eko) kapena plugin iliyonse, ndi masekondi 20 aja a chete. Ndikamvetsera ndikuuzani ngati vuto ndi khoma, soketi, kebulo kapena mtunda. Ndipo ngati kwanu kuli munthu wamkulu woimba, kaya ndi bangwe, kaligo kapena nyimbo za pamtondo, pitani sabata ino ndi zida zomwe muli nazozo, muwakhazike m'nyumba ya udzu ngati ilipo chifukwa imamveka bwino kuposa ya malata, maiki pafupi, mujambule mpaka batire ithe.